Pamkuyu, pomwe waya wa buleki amayimba

Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Kashedi kanga kali chakufupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata, ndipo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa ndimakhalira kumata machubu, kuwongola malimu ndi kumanga masipoko a njinga za anyamata aja onyamula anthu pakaliyala. Nyimbo zimene ndimamva kumeneko ndi za m'masipika. Wogulitsa mafoni kumanja kwanga ali ndi yake, wometa tsitsi kumanzere ali ndi yake, wa kabala ka kutsidya kwa msewu nayenso safuna kugonja, ndipo pofika madzulo m'mutu mumangoti wiii ngati mwalowa njuchi. Ndiye mlamu wanga atandiuza kuti kwawo kuli kabala komwe Loweruka lililonse kumabwera oyimba a banjo, ndinawayankha kuti phokoso ndili nalo kale lokwanira. Iwo anangoti, "Alamu, bwerani mudzamve nokha. Mukadzanyansidwa, yobwerera ndidzakulipirirani ine."

Ndinapita Loweruka lina mu Julayi, nthawi imene anthu amakhala atakolola, soya ndi mpendadzuwa atagulitsa, m'thumba muli kangachepe. Mwezi womwewo usanathe ndinabwererako kachiwiri, pa ndalama yanga.

Mukachoka mu Chipata ndi msewu waukulu wa Great East, uja wopita ku Lusaka, mumadutsa mphambano ya ku Mtenguleni n'kumapita ngati wa ku Katete. Musanafike pa boma la Katete, mapiri a Mphangwe akayamba kuonekera bwino, mumatsika minibasi pa kasiteji kena pomwe amayi amagulitsa mbatata ndi nzimbe. Kuchokera pamenepo ndi kamsewu kafumbi, mphindi ngati 20 pa njinga yamoto. Chikwangwani musayembekeze, kulibe. Anyamata a njinga zamoto mukangowauza kuti mukupita pamkuyu pa oyimba, akudziwa. M'chilimwe njirayo ilibe vuto kupatula fumbi, koma pali kadambo kamodzi komwe alamu akuti dzinja likafika munthu amavula nsapato.

Malo ake ndi aang'ono. Kanyumba ka njerwa zootcha kofolera ndi malata, chipinda chimodzi chogulitsiramo, china chosungiramo makireti. Kauntala ndi thabwa lokhuthala lomwe pakati pake padasalala ndi zigongono za anthu. Koma anthu sakhala m'nyumbamo ayi. Amakhala panja, pabwalo lozingidwa ndi mpanda wa udzu, pansi pa mkuyu waukulu womwe mizu yake yotumphuka ndi mipandonso. Pali mabenchi asanu ndi limodzi, mipando ya ndalema itatu yomwe aliyense amadziwa kuti ndi ya akuluakulu, ndi mphasa ziwiri chakumbali za azimayi amene safuna benchi. Magetsi ndi a sola, babu limodzi pakhonde, lina lomangirira ku nthambi. Usiku umenewo kunkazizira monga mudziwa Julayi wa kuno, ndipo anayatsa mbaula zitatu n'kuziika pakati pathu.

Eni malo ndi amayi achikulire ndithu, amasiye, olankhula motsitsa koma omveredwa. Titangolowa anatuluka kuseri kwa kauntala n'kupinda maondo pang'ono. "Mwachoma bwanji, atate? Nkhope iyi ndi yachilendo." Alamu atanena kuti ndine mwamuna wa mlongo wawo, wa ku tauni, iwo anati, "Ndiye ndinu akamwini athu. Khalani pafupi ndi moto, a ku tauni sachedwa kuzizidwa." Tisanaitanitse n'komwe chilichonse, mtsikana anabwera ndi beseni ndi madzi ofunda osamba m'manja. Zaka zonse ndakhala ndikulowa m'mabala a mu Chipata, palibe amene anandifunditsirapo madzi.

Zakumwa zilipo zomwe munthu angayembekezere: Mosi, Castle, Chibuku cha m'makatoni ndi zoziziritsa kukhosi. Botolo la Mosi ndinalipira K25. Firiji alibe, mabotolo amawamiza m'mbiya ya madzi yokutira ndi saka lonyowa. Mu Julayi zimenezo zikukwana, koma wopita mu Okutobala asayembekeze botolo lotuluka thukuta. Chimene ndingakulangizeni ndi masese, ofululidwa ndi mayi wina wa m'mudzi momwemo, obwera m'chipanda choti anthu anayi kapena asanu azilandirana. Anali a tsiku lake lenileni, osawawasa mopitirira, osatinso ozuna ngati phala la mwana. Osamwa mowa ali ndi thobwa la chimera cha mawere. Kachasu ndi timabotolo taukali tija sagulitsa. Anandiuza kuti boma litaletsa tujilijili mu 2012 iwo anangosiyiratu zonse zaukali, chifukwa anali ataona ndi maso awo anyamata a m'mudzimo akutupa masaya ndi kutaya makasu. Ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake pamalopa nyimbo imatha kufika kumapeto popanda ndewu.

Chakudya ndi nsima ya mgaiwa ndi nkhuku ya kumudzi, pambali mfutso wa nkhwani wotendera. Mbale yanga inali K70. Nkhukuyo inali tambala wokhwima, wofuna mano, koma msuzi wake ndinapukuta mbale. Mfutso ndiwo unandigonjetsa, nsinjiro anathira mosaumira. Pachipata pali mnyamata wootcha michopo ya mbuzi, ndi tiana tiwiri tinali ndi mbewa zofutsa pa mpani. Michopoyo inali ndi mafuta ambiri kuposa nyama, sindingainamizire.

Alamu anali atandiuza kuti oyimba amayamba 6 koloko. Inakwana 7, kuli zii. Inayandikira 8, ine mtima wayamba kale kubwerera ku Chipata, ndipo nthawi yonseyi kasipika ka pakauntala kakuliza nyimbo zomwe zija ndinazithawa ku Kapata. Ndinadandaula mokweza. Mdala wina amene tinkalandirana naye chipanda anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Oyimbawo si aganyu. Akutsekera ng'ombe m'khola, asambe, adye, ndiye abwere." Ananena zoona. Komabe wochokera kutali adziwiretu kuti nthawi yeniyeni ndi 8 itadutsa, ndipo zikanakhala bwino eni malo akanamauza anthu choncho.

Anatulukira mumdima asanu, awiri akukankha njinga, babatoni, choyimbira chachikulu cha nsambo imodzi, atamumangirira pakaliyala chopingasa ngati chitseko. Patsogolo agogo aimvi, ochepa thupi, jekete lalikulu ndi chipewa chaubweya, banjo ili kumsana m'thumba la feteleza. Pambuyo pawo mdzukulu wawo wa babatoni, mnyamata wina wa ng'oma, ndi azimayi awiri atanyamula zisekese. Anapereka moni kwa akuluakulu a pa ndalema poyamba, akuomba m'manja, kenako n'kukhala mwendo wa mkuyu.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinandigulitsa kwa malo amenewa. Amayi eni malo aja anapita pakauntala n'kuzimitsa sipika. Sanalekere pomwepo, anazula waya wake ku batire, n'kumukulunga, n'kumuika m'thumba la epuloni. Pabwalo panangoti zii. Ndinamva makala akuthetheka m'mbaula. Ndinamva galu akuuwa kumudzi wa kutsidya la dambo. Alamu anandinong'oneza kuti ndi lamulo la pano: oyimba akakhala pansi, sipika imagona mpaka atanyamuka. Wina foni ikamulirira amatuluka nayo kunja kwa mpanda, osauzidwa. Oyimbawo alibe maikolofoni, alibe chokwezera mawu chilichonse. Ofuna kumva ayenera kukhala chete, ndipo anthu amakhaladi chete.

Pamene wa ng'oma ankawamba ng'oma zake pambaula, akuzigogoda ndi chala kuti amve ngati chikopa chakungika, ine ndinasendera pafupi kuti ndione zipangizo. Munthu wa zitsulo maso ake amathamangira ku zitsulo. Banjo ya agogo ndi poto wakale wokutira chikopa cha mbuzi chokhomera ndi timisomali kuzungulira, mkono wake ndi mtengo wa mlombwa wosemedwa ndi kasemasema, wakuda ndi thukuta la m'manja. Timipiringidzo topingasa pa mkonowo ndi masipoko odula. Nsambo zinayi zonse ndi waya wa buleki ya njinga. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, ndimamugwira tsiku lililonse. Waya wa buleki mukamupombosola mumatuluka timawaya tating'ono tambiri topotana, ndipo iwo amasankha kamodzi kukhala nsambo yaing'ono, tiwiri topota kukhala yokulirapo. Cholizira ndi kachidutswa ka chigubu cha mafuta ophikira. Babatoni ndi bokosi lalikulu lokutira chikopa cha ng'ombe, mtengo wake wautali kuposa munthu, nsambo imodzi yokha yokhuthala. Mnyamatayo amakhala pamwamba pa bokosilo, dzanja lina akutsetsereza botolo pa nsambo, lina akumenya ndi kamtengo. Wa ng'oma chopondera chake ndi kathabwa kokokedwa ndi mpira wa chubu, ndipo m'malo mwa zimbale zogula zija anakhomera chimbale cha tcheni pa ndodo, n'kupachikapo waya wa zitsekerero za mabotolo. Theka la zimene ndimasesa m'shedi mwanga n'kutaya kudzala, apa zinali zikudikira kuyimba.

Agogo anakunga nsambo, khutu atalitsamiritsa ku poto, osafulumira. Kenako anangoyamba, osalengeza kanthu. Banjo inayenda yokha kanthawi, mawu ake owuma, othwanima, babatoni n'kulowa pansi pake. Babatoni simumumva ndi makutu okha, mumamumva m'benchi imene mwakhalapo. Zisekese zitalowa, agogo anakweza mutu n'kutsogola, azimayi aja n'kuthirira mang'ombe, ndipo pofika kachitatu bwalo lonse linali likuvomera.

Nyimbo yoyambayo inali ya bambo wina amene anagulitsa soya wa banja, matumba onse, n'kukwera minibasi ya ku Chipata kukagula malata. Mlungu unatha, wachiwiri unatha. Anabwerera ndi nsapato zatsopano ndi kawailesi, malata palibe. Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ndinadabwa kuona kuti onse akucheukira mbali imodzi. Mwini nkhaniyo anali pomwepo, pa benchi yachitatu. Dzina lake silinatchulidwe m'nyimbomo, koma panalibe wosadziwa. Ndinayembekezera kuti akwiya. Iye anaimirira, n'kuvina mpaka pamaso pa agogo, n'kuponya K10 m'mbale, nkhope ili pansi koma akumwetulira, ndipo kuchokera pa mphasa kunamveka nthungululu yaitali. Alamu anati ndi mkazi wake, ndipo malatawo anagulidwa chaka chotsatira, nyumba anafolera. Mlandu umene ukanatha kufika kwa ankhoswe, mwina mpaka kwa anyakwawa, unaweruzidwa ndi banjo, ndipo munthuyo akulipirabe chindapusa chake Loweruka lililonse mosakakamizidwa. Nyimbo za m'sipika za ku Kapata zimanena za anthu amene sindidzawaona. Izi zimanena za munthu amene mwangomupatsira chipanda.

Zinatsatira zina zopepuka: ya mkamwini amene amalima munda wa apongozi mpaka msana kupindika koma nsima amamugawira yochepa, ya mtsikana amene anakana mlimi chifukwa cha mnyamata wa njinga yamoto yobwereka. Sizonse zinali zabwino mofanana. Ina inatalika kwambiri, mawu omwewo kubwereza mpaka anthu anayamba kucheza. Ndiponso amene wakhala kumbuyo, chakumpanda, ng'oma ndi babatoni zimamukwirira mawu a agogo, omwe ndi okalamba ndipo sakuwa. Fikani msanga mukhale kutsogolo, chifukwa nyimbo izi ukoma wake uli m'mawu.

Kenako ng'oma zinaleka, kunatsala banjo ndi chisekese chimodzi, ndipo anatsogola ndi mmodzi wa azimayi aja. Inali nyimbo ya chilala cha 2024. Tonse tikukumbukira: mvula inadula chimanga chitangomasula ngaiyaye, dzuwa linaotcha milungu yotsatizana, mpaka kumapeto kwa Febuluwale pulezidenti analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Koma mayiyu sanayimbe za dziko lonse. Anayimba za mayi amene akuteleka madzi opanda ufa kuti ana aziona utsi agone ndi chiyembekezo, za ng'ombe yogulitsidwa pa mtengo wa mbuzi, za bambo amene anapita pa njinga n'kubwerera wapansi atasenza kathumba ka ufa. Mawu amenewo anandilasa. Chaka chimenecho anthu ankabwera pashedi panga osati kudzakonzetsa koma kudzagulitsa, njinga zabwinobwino, pa mtengo umene ndinkachita nawo manyazi. Zina ndinagula. Agogo ena aakazi pa mphasa anadziphimba kumaso ndi chitenje. Nyimbo itatha palibe anaomba m'manja, palibe anaponya ndalama. Tinangokhala, mpaka amayi eni malo anadzuka n'kuwonjezera makala m'mbaula.

Atate anga anali a banjo. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia, monga ankachitira ambiri a kuno, ena ku migodi ya ku Copperbelt, ena mpaka ku Joni, ena osabwereranso, aja tinkawatcha matchona. Iwo anabwerera, ndi sutikesi ndi banjo ya chitini cha mafuta. Ankaliza pakhonde madzulo tikatha kudya. Atamwalira banjoyo tinaipachika m'nkhokwe, chiswe n'kudya mkono wake, ndipo palibe mwa ife ana amene anaphunzira. Zimenezi sindinaziganizeko zaka zambiri. Koma agogo aja atayamba nyimbo ya mayi wodikira mwana wake amene anapita kuntchito kutali, akufunsa aliyense wotsika basi, kalizidwe kake kanali komwe kaja, chala chachikulu chikubwerera pa nsambo yapamwamba ngati munthu wogogoda pachitseko. Ndinaika botolo pansi. Alamu anandiyang'ana, sanafunse kanthu.

Nyimboyo isanathe, nsambo yachiwiri inangoti twa! Agogo sanadzidzimuke. Anamaliza ndime ndi nsambo zitatu, n'kuika banjo pamiyendo, n'kuitana mdzukulu wawo: "Iwe, tatenga pulayala m'thumbamo." Mnyamatayo anapita pa njinga yotsamira mkuyu, ine n'kumutsatira ndi tochi ya foni kuti ndimuunikire. Njingayo inali Eagle yakalekale, ya fakitale ya Luangwa Industries ija inali muno mu Chipata, felemu yake yolimba mpaka lero ngakhale utoto udatha. Mwini wake adachotsa zitsulo za buleki zoyambirira n'kuikamo mabuleki a waya. Koma kutsogolo kunalibe waya, chogwirira chikungolendewera. Kumbuyo waya analipo, koma woonda, watsala timawaya towerengeka, ndipo mnyamatayo anali akupombosola kamodzi mwa timeneto. Nsambo iliyonse imene yaduka pa banjo ija imachoka pa buleki ya njinga imene agogowo amakwera usiku kubwerera kwawo, njira yotsetsereka kudambo.

Ndinabwerera pa benchi mtima uli mwamba.

Pamene ankamanga nsamboyo, mdala wina amene anakhala phee usiku wonse pa ndalema anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kalimba. Anati ndi Mnsenga wa cha ku Petauke, anabwera kudzaona mwana wake wokwatiwa m'mudzimo. Kalimbako kanali kokwana m'manja awiri, mano ake masipoko osula mpaka kuphwatalala, pansi pake kachikho kokhala ndi kabowo komata ndi kansalu koyera kaja ka kangaude, komwe kamachititsa mawu kunjenjemera. Mawu ake ndi aang'ono kwambiri. M'bala la m'tauni simungawamve ngakhale mutaika khutu pa chikhocho. Apa anthu oposa 40 anaweramira kutsogolo, ena anasiya kutafuna. Anayimba m'Chinsenga, motsitsa, ngati akudziyimbira yekha panjira, ndipo ife Achewa tinkamva zambiri. Ngati pali mphindi zimene ndingati ndizo zinalipira ulendo wonse, ndi zimenezi, ndipo sizikanatheka waya wa sipika uja akanakhala pa batire.

Anasokoneza ndi mnyamata wina amene anafika ataledzera kale kwina. Anayamba kukuwa kuti zogonetsa tulozi zatikwana, agogo ayimbe za gule, n'kuyamba yekha kuponda fumbi motsanzira. Agogo a banjo sanakweze mawu. Anati, "Mwana wanga, za kudambwe sizibwera pa mowa wogulitsa. Ogasiti ali pafupi, udzapite ku Mkaika." Ananena za Kulamba, mwambo umene umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti komweko ku Katete, pomwe mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo gule wamkulu amatuluka m'malo mwake. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo ndaonapo anthu akumusandutsa chosangalatsira alendo paliponse pali ndalama. Ndinakondwa kuona kuti pamkuyu malire akuwadziwa. Amayi eni malo anamugwira mkono mnyamatayo, "Tiyeni atate, mukapume," n'kumuperekeza mpaka pachipata. Panalibe kukankhana. Mdala wa kalimba anayambiranso pomwe analekera.

Banjo itachira, usiku unatembenuka. Azimayi anadzuka pa mphasa, zitenje m'chiuno, n'kupanga bwalo la chimtali, ng'oma zikuwatsatira. Amuna awiri achingoni a cha ku Mtenguleni, amene anabwera kudzagula ng'ombe, sanapirire, anabwereka ndodo za madala n'kuponda ngoma mpaka fumbi kukwera ku babu, azimayi akuwaombera m'manja. Wina anawakuwira kuti asunge mphamvu za mwambo wawo wa Nc'wala, Febuluwale akadali kutali. Kunja kwa mpanda ana anali ndandanda, maso m'mipata ya udzu. Mkati saloledwa, ndipo amayi aja pa zimenezi sanyengerera, koma kunjako sawathamangitsa. Ndinamva kamnyamata kena kakutsatira babatoni pogogoda chigubu.

Zolakwika zilipo, ndipo ndizinena chifukwa malowa ndawakonda. Chimbudzi chili kuseri kwenikweni, kopanda nyale, chitseko chake ndi saka, ndipo madzi osamba m'manja kumeneko kulibe. Munthu amene amafunditsira alendo madzi pofika angathe kuikanso kachigubu ndi sopo kumeneko. Azimayi ankapita awiriawiri ndi tochi. Zoyendera usiku ndi vuto lina: ikadutsa 10 koloko njinga zamoto zimasowa, ndipo ngakhale mutafika pamsewu waukulu, minibasi ya ku Chipata simuipeza. Ine ndinagona kwa alamu. Wopanda wachibale kumeneko apangane ndi wa njinga yamoto nthawi ikadalipo, atenge nambala yake, akagone pa Katete. Ndalama tengani ya m'manja, yosinthasintha, chifukwa netiweki imagwira bwino pokhapokha mutakwera pachulu cha kuseri kwa mpanda.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi malipiro a oyimba. Polowa salipiritsa. Eni malo amawapatsa nsima ndi chipanda, basi. Ndalama yawo ndi yofupa yokha, ija anthu amaponya m'mbale. Pamapeto mdzukulu uja ankawerenga pafupi nane, ndipo sinafike K200, ya anthu asanu, oyimba kuyambira 8 mpaka pakati pa usiku. Ine ndekha pa mowa ndi nsima ndinawononga yoposa pamenepo. Ndinawafunsa amayi aja. Anayankha moona mtima kuti akaika mtengo pachipata, a m'mudzi, omwe ndiwo eni nyimbozo, adzatsalira kunja kwa mpanda pamodzi ndi ana. Ndikuwamvetsa. Koma mabotolo amene amagulidwa Loweruka amagulidwa chifukwa cha banjo ija, ndipo kwacha imodzi kapena ziwiri pa botolo lililonse zikanapita m'mbalemo, palibe akanasauka. Ifenso a ku tauni, amene timalipira mosadandaula kuti tilowe komwe munthu akungoyimba motsatira kompyuta, tikafika kotere tisamaponye makobiri otsala pogula ndudu.

M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo lero mawailesi a kuno monga Breeze FM amaliza ndithu nyimbo za kwathu. Ndi bwino. Inenso ndinajambulako pa foni usiku uja kuti ndikamvetse anzanga ku Kapata. Nditaliza Lolemba pashedi, babatoni sankamveka n'komwe, banjo inkangolira ngati udzudzu m'chitini, ndipo wometa uja anandifunsa ngati ndi zimenezi ndinapitira ku Katete. Ndinazimitsa. Ndinamuuza kuti Loweruka lina tidzapitire limodzi.

Ulendo wachiwiri ndinanyamula mawaya a buleki asanu ndi mmodzi atsopano, ndi sipanala zanga. Ndinafika dzuwa likadalipo, ndipo ulendo uno sindinadandaule za nthawi. Agogo atatulukira ndinawalonjera n'kuwapatsa kaphukusiko ndi manja awiri. Anamasula, anayang'ana, n'kundiyang'ananso ine. "Ndinu a kwa yani, atate?" Ndinawauza, ndinawauzanso za atate anga ndi banjo ya m'nkhokwe. Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Ndinawapempha kuti anayi akhale a nsambo, koma awiri andilole ndimange pa njinga, ndipo amenewo asadzawakhudze ngakhale nsambo zonse zitaduka. Anaseka, n'kuvomera.

Ndinamanga mabulekiwo nditagwada pa muzu wa mkuyu, mdzukulu wawo akundiunikira, iwo ali pambali panga akupombosola waya watsopano ndi zikhadabo. Anamanga nsambo, anaikunga, anailiza kamodzi n'kupendeketsa mutu. Anati waya ameneyu ndi wouma kuposa wakale uja, afuna masiku kuti azolowere. Kenako anati, "Mukamadzabweranso mutengeko masipoko anayi. A kalimba aja sanapite, akuti mano awiri achita dzimbiri."

Masipokowo ndasankha kale, a njinga yakale, achitsulo chenicheni osati opepuka a masiku anowa. Ali m'chitini pashelefu, pafupi ndi guluu wa machubu.